Ulendo wa adhana kuchoka m'chifuwa mwa muadhini kufika m'khutu mwathu: phunziro la mafunde, mpweya ndi maginito



Asodzi a usipa amene amachezera panyanja amadziwa kuti m'bandakucha, madzi akakhala bata, adhana ya Fajr imawapeza ali kutali ndithu ndi dooko. Koma adhana ya Dhuhr, ya muadhini yemweyo, pa chimkuzamawu chomwecho, nthawi zina imavuta kuimva ngakhale uli pamsika wapafupi. Ana athu a Fomu 3 ndi Fomu 4 ali nalo yankho la nkhaniyi m'makope awo a Physics, kungoti ambiri sadziwa kuti ali nalo. Mitu ya mafunde, mpweya ndi maginito amailoweza ngati nkhani zachilendo zoti akalembe pa mayeso a MSCE kenako n'kuiwala, ndipo amene kuloweza kwawakanika amangolisiya phunzirolo, osazindikira kuti akudzitsekera okha khomo la udokotala, unamwino ndi ntchito za magetsi. Pano tiilondola adhana kuyambira pomwe imabadwira kufikira pomwe imathera, chifukwa m'njira imeneyi mitu itatu yonseyi ikupezekamo. Popeza mayeso amalembedwa m'Chingerezi, mawu ofunika tiziwatchulanso monga momwe mwana akawapezere pa pepala.

Mpweya m'chifuwa

Muadhini asanatulutse liwu amayamba wakoka mpweya. Mpweya umene timapumawu ndi wosakanizika: pa magawo 100 alionse, pafupifupi 78 ndi nayitrojeni, 21 ndi okosijeni, ndipo otsalawo ndi mipweya ina ing'onoing'ono. Wonsewo ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, mamolekyu, timene timauluka mbali zonse n'kumagunda chilichonse chimene takumana nacho. Kugunda kosalekeza kumeneku ndiko kumatchedwa pressure, ife tinena kuti kukankha kwa mpweya. Si kochepa ayi. Pa kamalo kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu, mpweya umakankha ngati mwaikapo shuga wa kilogalamu imodzi. Sitikumva kulemerako chifukwa m'kati mwa thupi lathu namonso muli kukankha kofanana nako.

Pansi pa mapapo pali mnofu wotambalala wotchedwa diaphragm. Ukatsika, malo m'chifuwa amakula, mamolekyu amatalikirana, kukankha kwa m'kati kumachepa poyerekeza ndi kwa kunja, choncho mpweya wakunja umalowa wokha. Ili ndi lamulo la Boyle likugwira ntchito. Robert Boyle, wobadwira ku Ireland, adalifalitsa m'chaka cha 1662, ndipo limati ngati kutentha sikunasinthe, mpweya ukaupanikiza m'malo ochepa kukankha kwake kumakula mwa muyezo womwewo. M'makope limalembedwa P1V1 = P2V2. Tengani pampu ya njinga yokhala ndi mpweya wa 200 cm³ pa 100 kPa, mutseke kukamwa kwake ndi chala, mukankhe pang'onopang'ono mpaka mpweyawo utsale m'malo a 50 cm³. Malo achepa kanayi, ndiye kukankha kwakula kanayi, kwafika 400 kPa. Chala chanu chikuuzani chokha.

Msodzi lamuloli amaliona ndi maso. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba kozithandiza kuyandama. Pa kuya kwa mamita 10 kukankha kumakhala kuwirikiza kawiri kwa pamwamba pa madzi, ndipo pa mamita 30 kumafika kanayi. Nsomba ikavuulidwa mwachangu kuchokera pozama chonchi, mpweya wa m'kathumba kaja umafufuma, n'chifukwa chake ina imafika m'bwato itatupa mimba.

Lamulo lina limakhudza kutentha. Mpweya ukatenthedwa mamolekyu ake amathamanga kwambiri. Ngati uli ndi kofufumira umafufuma, ndipo ili ndi lamulo lodziwika ndi dzina la Jacques Charles wa ku France. Ngati watsekeredwa m'chinthu chosafufuma, kukankha kwake ndiko kumakwera. Apa ndi pamene ana ambiri amataya malikisi mwabule: masamu amenewa sawerengedwa mu digiri Celsius koma mu kelvin, ndipo kuti mupeze kelvin mumawonjezera 273. Tayala limene linali pa 27°C m'mawa n'kufika 57°C pa msewu wa tala mu Okutobala lachoka pa 300 K kufika pa 330 K, kutanthauza kuti kukankha kwakwera ndi gawo limodzi pa magawo 10, osati kawiri monga angaganizire amene wagawa 57 ndi 27. Pa chifukwa chomwechi chitini cha mankhwala opopera udzudzu kapena cha perefyumu sichiponyedwa pamoto ngakhale chikuoneka kuti chatha.

Liwu ndi funde

Mpweya potuluka umadutsa pakati pa timinofu tiwiri ta m'kholingo n'kutinjenjemeretsa. Ikani zala pakhosi mukuyankhula, mumva. Kunjenjemera kumeneko kumakankha mpweya woyandikana nako, umenewo n'kukankha wina, winawo n'kukankhanso wina. Chimene chimayenda ulendo wonsewo si mpweya wa m'kamwa mwa muadhini, koma kukankhanako.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja izi n'zosavuta kuzimvetsa. Onani chikuni choyandama kutali pang'ono ndi gombe tsiku lopanda mphepo yambiri. Mafunde amabwera n'kuchidutsa, icho chimangokwera ndi kutsika pafupifupi pamalo amodzi. Funde limanyamula mphamvu, silinyamula madzi. Mabuku a kusukulu amawaika mafunde a pamadzi m'gulu la transverse, pamene kugwedezeka kumakhala kopingasa njira imene funde likulowera. Liwu lili m'gulu la longitudinal: mpweya umapita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo motsata njira ya funde lomwelo, pena kuthithikana, pena kutakasuka.

Pali miyezo itatu imene mwana ayenera kuigwira bwino. Woyamba ndi frequency, kuchuluka kwa mafunde odutsa pamalo amodzi pa sekondi, ndipo umayezedwa mu hertz. Liwu lopyapyala ngati la mwana lili ndi frequency yokwera, liwu la besi lili ndi yotsika. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz, koma malire a kumwambawo amatsika tikamakula. Wachiwiri ndi wavelength, mtunda wa pakati pa msonga ya funde ndi msonga ya linzake. Wachitatu ndi amplitude, kukula kwa kugwedezekako, ndipo ndi umene umachititsa kuti liwu likhale lokweza kapena lapansipansi. Miyezo iwiri yoyambayo mukaichulukitsa mumapeza liwiro la funde, v = fλ. Liwu mumpweya limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, choncho liwu la 170 Hz lili ndi mafunde otalika mamita awiri, pamene la 3,400 Hz ndi masentimita 10 okha.

Liwu silingayende popanda choyendamo. Boyle yemwe uja adaika wotchi m'chibotolo chagalasi n'kupopa mpweya kuuchotsa, ndipo kulira kwa wotchiyo kudazilala ngakhale inkaonekabe ikuyenda. M'madzi liwu limathamanga kuposa kanayi liwiro lake la mumpweya, pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi. Mwana amene adamirapo pamene boti la injini likudutsa chapatali akudziwa momwe phokoso lake limamvekera pansi pa madzi.

Mu maikolofoni ndi mu sipika

M'masiku a Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adhana itakhazikitsidwa ku Madina patapita nthawi yochepa chisamukire m'chaka cha 622, Bilal ibn Rabah, Allah asangalale naye, ankakwera pamwamba pa nyumba yaitali yoyandikana ndi mzikiti kuti liwu lake lifike kutali. Lero pakati pa muadhini ndi ife pali zida zitatu, maikolofoni, ampulifaya ndi sipika, ndipo choyamba ndi chomalizacho zimadalira ubale wa magetsi ndi maginito.

Ubalewu udaonekera m'chaka cha 1820 ku Copenhagen, pamene Hans Christian Ørsted adapeza kuti waya wodutsamo magetsi umapotoza singano ya kampasi imene ili pafupi. Kutanthauza kuti magetsi akamayenda amabala mphamvu ya maginito. Patatha zaka 11, mu 1831, Michael Faraday ku London adapeza mbali inayo: mukayendetsa maginito pafupi ndi waya wokulungidwa, kapena kuyendetsa wayayo pafupi ndi maginito, m'wayamo mumabadwa magetsi. Izi zimatchedwa electromagnetic induction. Chofunika kukumbukira n'chakuti pamafunika kuyenda. Maginito atangokhala phee m'kati mwa koyilo, ngakhale akhale amphamvu bwanji, palibe chimene chimachitika.

Mu maikolofoni zambiri za m'mizikiti yathu muli kachikopa kopyapyala komatidwa ku koyilo ya waya wa kopa, ndipo koyiloyo imakhala pakati pa maginito. Liwu likagunda kachikopako koyilo imanjenjemera, ndipo mwa lamulo la Faraday mumabadwa magetsi ochepa kwambiri, okwera ndi kutsika mofanana ndendende ndi liwulo. Ampulifaya imatenga mphamvu ku batire kapena ku magetsi a m'nyumba n'kupanga magetsi aakulu otsanzira aang'ono aja. Sipika ndi maikolofoni yotembenuza: magetsi amalowa mu koyilo, koyilo imasanduka maginito amene pena amakokedwa pena amakankhidwa ndi maginito okhazikika, kachikopa kamagwedezeka, mpweya n'kulandiranso liwu, tsopano lamphamvu. Chilipenga chachitsulo chija pamwamba pa mzikiti sichiwonjezera mphamvu ina ayi. Ntchito yake ndi kuthandiza kachikopa kakang'ono kukankha mpweya wambiri ndi kulozetsa liwu mbali imodzi.

Amene amasamala zida za mzikiti amakudziwa kulira koboola m'makutu kumene kumabuka pakati pa khutba. Sikuti chida chawonongeka. Liwu lochoka mu sipika labwereranso mu maikolofoni, lakuzidwa, latulukanso, lalowanso, mpaka kalekale. Mankhwala ake ndi osagula: sipika ikhale kutsogolo kwa maikolofoni italoza kwa anthu, Imamu ayandikize maikolofoni kukamwa, ndipo voliyumu itsitsidwe. Tikuonanso kuti mizikiti ina yatsopano ya matailosi pansi ndi makoma osalala imamveka moipa kuposa yakale ya mikeka. Makoma olimba amabweza liwu, ndipo mawu obwererawo amagwera pamwamba pa mawu atsopano mpaka khutba kumveka ngati phokoso la pamsika. Makapeti, mikeka ndi makatani zimameza liwu lobwereralo. Komiti isanathamangire kugula ampulifaya yaikulu, iyambe yayesa zimenezi.

Magetsi enieniwo nawo ndi ana a lamulo la Faraday, ndipo ambiri mwa iwo amachokera m'nyanja yathu yomweyi. Madzi amatuluka kudzera mu mtsinje wa Shire kufupi ndi Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe ndi Liwonde, n'kukafika ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene amazunguza makina aakulu okhala ndi maginito m'kati mwa makoyilo. Dayinamo ya njinga imagwira ntchito chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kukula basi. Magetsi amenewa amapita ndi kubwerera mobwerezabwereza, maulendo 50 pa sekondi, n'chifukwa chake pa zida zathu pamalembedwa 50 Hz. Kusinthasinthako ndiko kumatheketsa thiransifoma kugwira ntchito: makoyilo awiri osakhudzana pa chitsulo chimodzi, mphamvu ya maginito yosinthasintha ya koyilo yoyamba n'kubala magetsi mu yachiwiri. Voteji imatsata kuchuluka kwa mikulungo ya waya. Kuti 11,000 V itsike kufika pa 230 V ya m'nyumba, koyilo yoyamba ikhale ndi mikulungo pafupifupi 48 pa mkulungo umodzi uliwonse wa yachiwiri. Pa maulendo ataliatali voteji imakwezedwa dala, chifukwa ikakwera karenti imachepa, ndipo mphamvu yotayika ngati kutentha m'mawaya imachepanso.

Mizikiti yambiri ya kumidzi imadalira sola ndi batire, ina jenereta. Apa nkhani ya mpweya ibwerenso, ndipo ndi ya moyo ndi imfa. Batire ya asidi ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka msanga, choncho isakhale m'kabati yotseka kapena pafupi ndi kandulo. Jenereta imatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenako tulo, osadzukanso. Jenereta ikhale panja nthawi zonse, kutali ndi mawindo, ngakhale pa Taraweh pamene mvula ikugwa ndipo mtima ukufuna kuilowetsa pakhonde lotseka. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka mu Juni ili ndi ngozi yomweyo.

Chifukwa chake Fajr imamveka kutali

Liwu likachoka mu sipika limamwazika, ndipo mphamvu yake imachepa msanga. Pamalo poyera, mukawirikiza mtunda kawiri, mphamvu yofika kwa inu imatsala gawo limodzi pa magawo anayi. Nyumba ndi mitengo zimatchinganso. Mafunde aatali a mawu a besi amatha kukhota kuzungulira chipupa, zimene zimatchedwa diffraction, koma mafunde aafupi amene amasiyanitsa zilembo monga s ndi sh amatchingika. N'chifukwa chake kuseri kwa nyumba mumamva kuti muadhini akuitana koma mawu ake osawazindikira bwino. Kukweza sipika pa nsanja kumathetsa vuto limeneli, monga momwe Bilal ankachitira ndi denga lija.

Tsopano yankho la asodzi aja. Liwiro la liwu limadalira kutentha kwa mpweya: pa 0°C ndi pafupifupi mamita 331 pa sekondi, ndipo limakwera ndi mamita 0.6 pa digiri iliyonse. Masana nthaka imatentha, mpweya wapansi umakhala wofunda kuposa wam'mwamba. Mbali yapansi ya funde imathamanga kuposa yam'mwamba, ndiye funde lonse limakhotera kumwamba, kuwadumpha anthu amene ali patali. Usiku wopanda mitambo nthaka imazizira, ndipo pofika m'bandakucha zinthu zimatembenuka: mpweya wozizira uli pansi, wofunda uli pamwamba pake. Liwu limene likadathawira kumwamba limakhotetsedwa kubwerera pansi. Kukhota kotereku ndi refraction.

Kunyanja kumawonjezereka zina ziwiri. Madzi sazizira msanga ngati nthaka, choncho usiku mpweya wa pamwamba pa nyanja umakhala wofundirapo n'kukwera, ndipo kamphepo kamachoka kumtunda kulowera kunyanja. Mphepo imathamanga kwambiri m'mwamba kusiyana ndi pansi, ndiye liwu loyenda motsata mphepo limaweramitsidwira pansi, kwa amene ali m'mabwato. Kenako madzi abata amabweza liwu ngati kalilole, popanda nyumba kapena mtengo wolimeza. Onjezani kuti nthawi imeneyo zigayo, njinga zamoto ndi mawailesi zili zii. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira zonsezi zimasokonekera, ndipo amene ali kumbali kochokera mphepo samva kanthu.

Pali phunziro kwa makomiti a mizikiti pamenepa. Voliyumu imene ikufunika pa Dhuhr ndi yopitirira pa Fajr, chifukwa m'bandakucha mpweya ukukuthandizani kale. Nyumba zoyandikana ndi mzikiti muli makanda, odwala ndi anansi a zipembedzo zina, ndipo ife tikuona kuti kutsitsako pang'ono nthawi imeneyo sikuchotsa kanthu pa adhana. Ana asamaseweretsedwe pafupi ndi kukamwa kwa chilipenga, pakuti phokoso lalikulu limawononga timinyewa ta m'kati mwa khutu ndipo tikafa sitimeranso.

Adhana ya pa wailesi ndi kampasi ya Qibla

Adhana imatipezanso kudzera pa wailesi, monga Radio Islam. Apa mafunde ake ndi a mtundu wina. James Clerk Maxwell wa ku Scotland adaonetsa ndi masamu m'zaka za m'ma 1860 kuti magetsi ndi maginito zikamasinthasintha zimabalana zokha n'kuyenda ngati funde, ndipo Heinrich Hertz wa ku Germany adawapanga mafundewo m'chipinda choyesera mu 1887. Awa safuna mpweya. Amayenda ngakhale m'mlengalenga mopanda kanthu, pa liwiro la makilomita 300,000 pa sekondi. Kuwala kwa dzuwa, mafunde a foni ya m'manja ndi X-ray ya kuchipatala onse ndi a banja limodzi, amangosiyana frequency. Lamulo la v = fλ likugwirabe: siteshoni ya FM ya pa 100 MHz ili ndi mafunde otalika mamita atatu.

Funde la wailesi limadutsa makilomita 300 pa gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, pamene liwu mumpweya limafuna masekondi atatu pa kilomita imodzi yokha. Koma kufulumira kumeneku kusatipusitse m'mwezi wa Ramadhan. Dziko limazungulira digiri imodzi pa mphindi zinayi, ndipo Nkhotakota ili pafupifupi digiri imodzi kumadzulo kwa Mangochi. Dzuwa sililowa nthawi imodzi m'malo awiriwa, ndipo kusiyanako kumasinthanso ndi nyengo ya chaka. Adhana ya Maghrib ya pa wailesi ndi ya komwe yawerengedwera. Pofutulu tsatani mzikiti wa kwanu kapena kalendala ya dera lanu.

Kampasi nayo ndi maginito aang'ono oyenda momasuka, amene amatsata mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Asilamu adayamba kale kuigwiritsa ntchito pofuna Qibla. Sultan al-Ashraf Umar wa ku Yemen adalemba za njira imeneyi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Kuchokera ku Mangochi, Makka ili pafupifupi madigiri 7 kum'mawa kwa kumpoto kwenikweni. Singano siloza kumpoto kwenikweniko ndendende, imapatukako pang'ono, koma cholakwika chachikulu chimene timachiona ndi china: kuyeza Qibla mutaima pafupi ndi sipika, chitseko chachitsulo, galimoto kapena mulu wa malata. Pamenepo singano imakokedwa. Kampasi ya mu foni imasokonezeka chimodzimodzi. Poika maziko a mzikiti kapena pokumba manda, yezani pamalo poyera, m'malo awiri kapena atatu otalikirana, muone ngati zikugwirizana.

Kuwerenga mphenzi

Kusiyana kwa liwiro la kuwala ndi la liwu kuli ndi ntchito imene mwana wa sukulu angawaphunzitse bambo ake lero lomwe. Ching'aning'ani chimafika m'maso nthawi yomweyo, bingu limachedwa. Werengani masekondi kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda, mugawe ndi 3, mwapeza makilomita. Masekondi 9 ndi makilomita atatu. Ngati nambala ikuchepa pa kung'anima kulikonse, mvulayo ikubwera kwa inu. Masekondi akakhala osafika 30, mphenzi ili m'kati mwa makilomita 10 ndipo ikhoza kukufikani. Panyanja munthu wa m'bwato ndiye chinthu chachitali kuposa zonse, choncho imeneyo ndi nthawi yopalasira kumtunda, ndipo akatswiri a zanyengo amalangiza kudikira mphindi 30 chigundire bingu lomaliza musanabwerere pamadzi. Pamtunda musabisale pansi pa mtengo wa mango kapena mlambe woima paokha. Nsanja ya mzikiti yokhala ndi chilipenga chachitsulo ndi waya wotsikira m'kati iyenera kukhala ndi chitsulo chotetezera mphenzi, cholumikizidwa ndi lamba wa kopa wokhuthala mpaka kukwiriridwa m'nthaka yachinyezi. Pamene chitsulocho palibe, mabingu akayandikira zulani waya wa sipika ku ampulifaya, ndipo muadhini aitane ndi pakamwa ali m'kati.